Ulendo wa ku Khondowe Unayambira Pakhonde

Njinga yamoto imene ndinakwera popita ku Livingstonia ndi yaikulu kwa mwana wanga woyamba, yemwe pano ali pabanja. Ndi Yamaha DT125, ya mtundu umene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera m'midzi m'zaka za m'ma 1990. Eni ake anali amalume anga, amene anagwira ntchito ya ulangizi m'boma la Rumphi. Atapuma pantchito anabwera nayo kwathu ku Mponela, ndipo atatisiya inakhala zaka 6 m'chipinda chosungiramo chimanga, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Amalumewo sankatopa kukamba za Gorodi, msewu wokhotakhota umene umachoka m'mbali mwa nyanja pa Chitimba n'kukwera phiri mpaka ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia. Ankati, "Mphwanga, usanakwere Gorodi usamanene kuti umatha njinga." Nditakwanitsa zaka 50 ndinaona kuti ndikapanda kupita tsopano, sindidzapitanso.

Mayi a kunyumba nditawauza, anayamba akhala chete. Kenako anati, "Bambo, mukufuna mundisiyire ana chifukwa cha chitsulo chadzimbiri?" Sankaseka. Chaka chomwecho tinali titaika maliro awiri a anyamata a m'dera lathu amene anafa pangozi za njinga zakabaza. Tinakambirana masiku angapo, ndipo pomaliza anandipatsa malamulo atatu: njinga ikonzedwe mpaka amisiri avomereze okha, ndisayende kukada, ndipo ndikhale nditafika pakhomo Lachisanu dzuwa lisanalowe. Ndinavomera. Lamulo loyambalo lokha linanditengera miyezi inayi.

Zimene zaka 6 zimachita

Anthu ambiri amaganiza kuti njinga yoima siwonongeka. Imawonongeka ndithu, kungoti mwakachetechete. Tinaikokera pakhonde, ndipo amisiri amene ndinawapempha, bambo wachikulire amene wakhala akukonza njinga zotere kuyambira ali mnyamata, anandiletsa kuiliza. Anati, "Achimwene, kuliza n'komaliza. Tiyambe taona chimene ikudwala."

Tinayambira pa thanki. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya zomatamata ngati ulimbo, ndipo chinyezi chimabala dzimbiri mkati. Tinaitsuka mpaka zotulukamo zinayera, tinamasula kabureta n'kutsegula timabowo take tonse, ndipo pakati pa thanki ndi kabureta tinaikapo kasefa kakang'ono kogwira zinyalala zotsalira. Siponji yosefa mpweya itangokhudzidwa inayoyoka ngati mkate wouma. Tikanaliza injini ili choncho, zonsezo zikanalowa mkati.

Injini ya DT125 ndi ya mtundu umene amati 2-stroke. Oyilo wake sakhala pansi pa injini monga m'galimoto. Ali ndi kathanki kakekake, ndipo kapampu kamamutumiza pang'onopang'ono kuti azipsa limodzi ndi petulo. N'chifukwa chake njingazi zimatulutsa utsi wobiriwira. Oyiloyo akaleka kufika, pisitoni imatentha n'kugwira, ndipo tayala lakumbuyo likhoza kuima mwadzidzidzi muli pa liwiro. Kapaipi ka oyilo tinakapeza katang'aluka. Tinaika kena, tinachotsa mpweya m'kapampu, tinathira oyilo watsopano mu giyabokosi, ndipo ekizozi tinaipala mwaye umene unali utaitseka.

Matayala ndiwo anandinyenga. Mapanga ake anali akadali akuya, moti ndinkati apa ndapulumutsa ndalama. Amisiri anandilozera manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala: 2309. Awiri oyamba amanena mlungu, awiri omaliza chaka. Ndiye kuti tayalalo linapangidwa mlungu wa 23 m'chaka cha 2009. Mphira wake anali atauma gwa, ali ndi timing'alu tambirimbiri, ndipo tayala lotero siligwira msewu ukanyowa. Tinagula awiri atsopano, lakutsogolo la mainchesi 21 ndi lakumbuyo la mainchesi 18.

Masipoko tinawagogoda limodzilimodzi ndi sipanala. Lolimba limalira ngati kabelu, lomasuka limangoti phu. Tinapeza omasuka 7. Tinaimika njinga pachipika, matayala ali m'malere, n'kumawagwedeza cham'mbali kuti timve ngati mabering'i atha. Akutsogolo anali atatha. Tcheni chinali chitatalika, ndipo mano a sipuroketi anali atapindika ngati minga ya kankhande. Izi zimasinthidwa zonse pamodzi, chifukwa tcheni chatsopano pa mano akale chimatha msanga.

Mabuleki a njingayi ndi a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo. Titatsegula akumbuyo, chikopa chogwira dilamu chinali chitayamba kumatuka pachitsulo chake, chifukwa guluu wake anali atakalamba. Amisiri anachikanganula ndi chala chabe n'kundipatsa m'manja. Sananene kanthu, ndipo nanenso ndinalibe mawu, poti ndinali nditaganiza za Gorodi. Chidutswa chimenecho ndinakawaonetsa mayi a kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudandaula za ndalama ya soya imene inkathera panjinga.

Nthambo ya kalachi ndi ya buleki yakutsogolo tinaika zatsopano. Ya kalachi yakale, imene inali isanaduke, tinaimangirira m'mbali mwa yatsopanoyo kuti ikaduka ina panjira, ndingolumikiza. Chinthu chimodzi chokha ndinawakanira amisiri. Chubu chakumbuyo chinali ndi zigamba zitatu koma sichinkataya mpweya, choncho ndinachibwezera m'tayala latsopano, n'kuika chatsopanocho m'chikwama. Iwo anangopukusa mutu.

Kuyesa njinga, kuyesa mwini

Italira, sindinanyamuke. Ndinayamba ndi maulendo aafupi, kenako ndinapita ku Ntchisi ndi kubwerera kudzera m'misewu yafumbi ya m'midzi, nditanyamula katundu yense amene ndinkafuna kupita naye. Ulendo umenewo unagwetsa mabawuti awiri a kaliyala, ndipo ndinathokoza kuti agwera kufupi ndi kwathu. Ndinayezanso kamwedwe kake: kudzaza thanki, kuyenda, kudzazanso, n'kugawa makilomita ndi malita. Yanga inkayenda makilomita pafupifupi 30 pa lita imodzi. Thanki yake imalowa malita osakwana 10, ndiye ndinadziikira lamulo lothira petulo paliponse pamene ndamupeza thanki ikafika theka, pakuti masiku ena malo omwetsera mafuta amakhala ouma.

Amisiri anandiumiriza chinthu china chimene poyamba ndinachiyesa chibwana. Anandiuza kuti ndichotse tayala lakumbuyo ndekha, nditulutse chubu, ndibwezere, ndipope, ndi zida zokhazo zimene ndidzanyamule. Ulendo woyamba ndinatha maola awiri ndipo ndinaboola chubu ndi chitsulo chotsegulira tayala. Ulendo wachitatu ndinatha mphindi 40. Apa m'pamene ndinadziwa kuti sipanala ya nati yaikulu ya tayala ndinalibe, ndinkangobwereka.

Woyendetsa nayenso ndi wakale. Ndinapita kuchipatala kukayezetsa maso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo anandisinthira magalasi. Chipewa cha amalume chinkaoneka chabwino kunja, koma chofewa cham'kati, chimene chimateteza mutu munthu akagwa, chimafooka ndi zaka. Ndinagula china chondikwana bwino, cha lamba womanga kuchibwano. Ndinakonzanso jekete yochindikala, magolovesi, nsapato zobisa akakolo ndi chovala chowala choti madalaivala azindionera patali. Laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a njinga ndinaziika m'pulasitiki. Katundu yense sanapitirire makilogalamu 15, ndipo zolemera ndinazimanga pampando kumbuyo kwanga, osati kumapeto kwa kaliyala kumene zimapepula tayala lakutsogolo. Munali malita atatu a madzi akumwa, mtedza wokazinga, nthochi ndi mbatata yophika.

Chifunga cha ku Chikangawa

Ndinanyamuka tsiku loyamba la mlungu, kumapeto kwa Julaye, kutangoyera. Kuchoka pa Mponela kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 300 mumsewu wa M1. Njinga ya 125 siyothamanga. Ndinkayenda pa 60 kapena 70, mabasi ndi malole akundipitirira, ine n'kumawapatukira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndinadutsa Madisi, ndinawoloka Bua, ndipo phiri la Kasungu linaonekera dzuwa lisanatenthe. Ola lililonse ndi theka ndinkaima, kutsika, kuwongola msana, kumwa madzi ndi kuzungulira njinga ndikuyang'ana ngati pali chodontha kapena chomasuka. Panjinga mphepo imaumitsa thukuta, moti munthu sadziwa kuti madzi akutha m'thupi mpaka mutu utayamba kuwawa ndi maganizo kuchedwa.

Pa Jenda, pafupi ndi malire a Zambia, apolisi a pa rodibuloko anaona mapepala anga. Mmodzi wachikulirepo anaizungulira njinga n'kunena kuti, "Madala, izi zikadalipo?" Ndinadzaza thanki pamenepo, ndinagula tomato kwa amayi a pamsika, ndipo ndinayamba kukwera mapiri a Viphya.

Nkhalango ya Chikangawa ndi yochita kudzala. Mitengo yake ya paini, pa mahekitala oposa 50,000, yambiri inadzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Lero mbali zina ndi zitsa zokhazokha chifukwa cha macheka ndi moto, koma mbali zina mitengo ikadali yothithikana, ndipo fungo la utomoni limalowa mpaka m'chipewa. Kumeneko n'kokwera, ndipo m'mwezi wa Julaye kumazizira ngakhale masana. Chifunga chinandipeza ndili pakati pa nkhalango. Ndinayatsa nyali, ndinachepetsa liwiro, ndipo malole a matabwa ndinkangowamva kulira asanaoneke.

Pachitunda china injini inayamba kutsokomola, kenako inazima. Mtima unagunda, koma ndinakumbukira zimene amisiri anandichenjeza. Kumalo okwera mpweya umapepuka, pamene kabureta imapitiriza kupereka petulo wofanana ndi wakuchigwa. Petulo akachuluka kuposa mpweya, pulagi imada ndi mwaye n'kusiya kuthetheka, makamaka ukamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali monga ndinkachitira m'chifungamo. Ndinakankhira njinga kutali ndi phula, ndinamasula pulagi ndi zala zouma ndi chisanu, ndipo inalidi bii. Ndinali ndi ziwiri zapadera. Nditaika ina, inalira pa kiki yachiwiri. Ndinafika ku Mzuzu cha m'ma 4 koloko, ndinadzoza tcheni chikadali chofunda, ndinaimba foni kunyumba, ndipo ndinagona msanga.

Kutsikira kunyanja

M'mawa mwake ndinadutsa Ekwendeni n'kulowa m'chigwa cha Henga, kumene msewu umatsatana ndi mtsinje wa South Rukuru kudutsa ku Phwezi. Ukapitirira mgodi wa malasha wa Mchenga, msewu umayamba kutsika phiri la Chiweta, ndipo pakona ina nyanja imangoti mbee patsogolo pako, yotambalala mpaka kumapiri a ku Tanzania. Anyani amakhala m'mbali mwa msewu kudikira zotaya apaulendo. Ndinatsika ndi giya yaing'ono, ndipo pofika pansi jekete imene inandipulumutsa ku Chikangawa inali itasanduka ng'anjo.

Nditatsala pang'ono kufika pa Chitimba, kumbuyo kwa njinga kunayamba kuvina. Tayala linali litaphwa. Sipanali msomali. Chimodzi mwa zigamba zitatu zija chinali chitamatuka ndi kutentha kwa phula la kunyanja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuseka ndekha, pokumbukira mutu wa amisiri ukupukusika. Anyamata awiri amene ankachokera kokagula usipa anandigwirira njinga, ndipo manja anga anachita zimene anaphunzira pakhonde. Chubu chatsopano chinalowa, ndinapopa, ndinalinganiza tcheni, ndipo ola lisanathe ndinali pamsewu. Chikhala kuti chigambacho chinamatuka maola awiri m'mbuyomo, pamakona a Chiweta, kapena ola limodzi m'tsogolo, bwenzi nkhani ili ina.

Gorodi

Ulipo msewu wina wosavuta wopita ku Livingstonia, wodzera ku Njakwa kufupi ndi Rumphi. Koma amalume ankanena za Gorodi. Kuchoka pa Chitimba ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma m'kamtunda kameneko msewu umapinda makona akuthwa okwana 20, uku ukukwera kuchoka m'mbali mwa nyanja kufika pamwamba pa phiri. Ndi wamiyala ndi fumbi, wopapatiza, ndipo makona ena anawaka ndi simenti. Mbali imodzi ndi khoma la phiri, mbali inayo ndi phompho.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake njinga zimenezi anazipanga motere. Tayala lalikulu lakutsogolo limakwera mwala m'malo mogunda, ndipo kupepuka kwake kumathandiza ukatsetsereka. Ndinayenda ndi giya yoyamba ndi yachiwiri basi. Ndisanafike pakona iliyonse ndinkaliza hutala, chifukwa magalimoto onyamula anthu amatsika momwemo. Ndinaphunzira msanga kuti maso aziyang'ana kumene ndikufuna kupita, pakuti ukayang'ana kuphompho njinga imalowera komweko. Kawiri ndinaima pamalo otakasuka kuti injini ipume, popeza imazizira ndi mphepo yokha ndipo pokwera pang'onopang'ono mphepoyo imachepa. Nthawi iliyonse ndikacheuka, nyanja inali itatsikiratsikira, mabwato a asodzi akuoneka ngati nyerere. Ndinatha ola lathunthu.

Musanafike ku mishoni pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu a ku Phoka ankabisalamo m'masiku a nkhondo. Ndinatsika panjinga miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinadyera mbatata yanga pamenepo.

Livingstonia inafika paphiri limeneli chifukwa cha malungo. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, koma konseko malungo ankawatha. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha Khondowe, malo okwera ndi ozizira. Nyumba yake yamiyala, Stone House, imene inamangidwa mu 1903, ilipobe ndipo muli zinthu zakale za mishoniyo. Pali tchalitchi chachikulu cha njerwa, chipatala cha David Gordon Memorial, ndi yunivesite imene inatsegulidwa mu 2003. Mu 1959, dziko lili pa chipwirikiti, ndege ya boma la atsamunda inaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kusamutsidwa. Iwo pamodzi ndi eni dera anayankha poyala miyala pansi yolemba buku la Aefeso 2:14, kusonyeza kuti sachoka, akhala limodzi. Ndinayenda m'misewu yake ya mitengo italiitali mpaka madzulo, ndikuganiza za anthu amene ankakweza katundu phiri limeneli pamutu, komanso za amalume ali mnyamata, panjinga yomweyi, matumba a mbewu ali kumbuyo.

Kutsika ndiye mayeso

Amalume sanandiuze kuti kutsika Gorodi n'kovuta kuposa kukwera. Injini ya 2-stroke sigwira njinga kwenikweni ukasiya moto, choncho ntchito yambiri imagwera mabuleki. Chifukwa cha mantha ndinapondereza buleki yakumbuyo osaisiya. Nditapinda makona angapo ndinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo phazi linayamba kulowa pansi njinga osamvera. Mabuleki a dilamu akatentha kwambiri amaleka kugwira. Ndinaima ndi yakutsogolo pamalo otakasuka, ndipo nditayandikitsa dzanja padilamu, inali ngati chiwaya.

Agogo ena aamuna amene ankatsika wapansi anaima n'kundilonjera kuti, "Monire adada." Nditawafotokozera, anakhala nane pamwala. Anandiuza kuti ngakhale madalaivala a magalimoto a pamsewuwo amaima kuti mabuleki azizire, ndipo amene amachita manyazi kuima ndi alendo. Tinagawana mtedza. Patapita mphindi 20 buleki inabwerera. Kuyambira pamenepo ndinatsika ndi giya yoyamba, ndikugwira mabuleki onse awiri pang'ono n'kumasiya, kugwira n'kumasiya. Ndinakumbukira chikopa chija chimene amisiri anachikanganula ndi chala. Chatsopano chinangotentha n'kuzizira. Chakalecho chikanamatukiratu.

Ngati m'nyumba mwanu muli njinga yakale imene wina akuilota ulendo wautali, musamuletse msanga ndipo musamulole msanga. Mufunseni manambala anayi a patayala. Mufunseni ngati anatsegulapo mabuleki n'kuona mkati ndi maso ake. Muuzeni achotse tayala lakumbuyo inu mukuona, ndi zida zimene adzanyamule. Gwirizanani maola oyenda ndi tsiku lobwerera asanamange katundu.

Ndinafika ku Mponela Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana, nditatsala ndi tsiku lathunthu pa lonjezo langa. Mayi a kunyumba anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaizungulira njinga monga anachitira wapolisi wa pa Jenda. Anaona chubu chakale chitamangidwa pakaliyala ndipo anafunsa kuti n'chachiyani. Ndinawauza zonse, osabisa. Anachimasula okha n'kuchikoleka pamsomali wa pakhonde, pafupi ndi chidutswa cha buleki chija, ndipo anakanditenthetsera madzi osamba.